Mwezi ndi umodzi, nanga bwanji Eid imagwa masiku awiri?

M'mawa wa Lachinayi pa 20 April 2023 kunachitika kadamsana. Anthu a m'tauni ya Exmouth kumadzulo kwa Australia, a ku Timor-Leste ndi a m'zilumba zina za kum'mawa kwa Indonesia anaona mwezi ukuphimba dzuwa, pa ola ndi mphindi zomwe akatswiri a zakuthambo anali atanena kalekale. Kadamsana wa dzuwa amachitika mwezi ukafika pakati penipeni pa dziko ndi dzuwa, ndipo nthawi imeneyi ndi imene akatswiriwo amati mwezi watsopano wabadwa. Kuno kwathu inali itangopitirira 6 koloko m'mawa. Kwa Asilamu ambiri padziko lapansi tsikulo linali la 29 la Ramadhan, tsiku limene dzuwa likangolowa maso onse amayang'ana kumadzulo.

Madzulo ake Saudi Arabia inalengeza kuti mwezi waoneka, Eid ndi mawa Lachisanu. Egypt, Qatar ndi United Arab Emirates zinateronso, ndipo Turkey inali italemba kale tsiku lomwelo pa kalendala yake. Koma Oman, yochita malire ndi Saudi Arabia yomweyo, inati mwezi sunaoneke, anthu asale tsiku la 30. Ku Morocco, ku Pakistan ndi ku South Africa anaswali Eid Loweruka pa 22. Indonesia, dziko lomwe lili ndi Asilamu ochuluka zedi, inagawanika: a bungwe la Muhammadiyah anadya Eid Lachisanu, pomwe boma ndi bungwe la Nahdlatul Ulama anadikira Loweruka. Akatswiri a zakuthambo ambiri ananena poyera kuti pamene dzuwa linkalowa ku Makkah, mweziwo unali usanakwanitse maola 12, ndipo palibe umboni wodalirika woti diso la munthu, lopanda makina, linaonapo mwezi wanthete chotero.

Wina akhoza kunena kuti tsiku limodzi n'chiyani. Komatu m'Chisilamu kusala tsiku la Eid n'koletsedwa, ndipo kudya dala masana a Ramadhan ndi tchimo lalikulu. Ndiye mwana akakhala ku Johannesburg akusala, bambo ake ku Mangochi akuchokera ku swala ya Eid atavala mkanjo watsopano, aliyense mumtima amadzifunsa kuti walakwa ndani. Ine nkhaniyi ndimaiona kuti ndi khomo labwino kwa aliyense wofuna kumvetsa mmene maulama, akatswiri a maphunziro a Chisilamu, amatsutsirana pa kumasulira malemba masiku ano, chifukwa pano palibe mbali yomwe ikukana Qur'an kapena hadith, zomwe ndi zonena ndi zochita za Mtumiki Muhammad. Onse akuwerenga mawu omwewo, onse akuwalemekeza. Chomwe akusiyana n'chakuti mawuwo akufuna chiyani kwa ife lero.

Zomwe malemba akunena

Qur'an sinatchule njira yodziwira kuti mwezi wayamba. Mu surah ya 2 ndime ya 185 ikuti amene mwezi wa Ramadhan wampeza asale. Ndime ya 189 ikuti miyezi yatsopano ndi zizindikiro za nthawi kwa anthu ndi kwa Hajj. Mu surah ya 9 ikuti miyezi ndi khumi ndi iwiri, ndipo ikuletsa chizolowezi cha Aarabu akale chosuntha miyezi yopatulika. N'chifukwa chake chaka cha Chisilamu chili ndi masiku 354 kapena 355, ndipo Ramadhan imabwerera m'mbuyo ndi masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse. Palinso ndime ngati ya 5 mu surah ya 55, yonena kuti dzuwa ndi mwezi zimayenda mwa chiwerengero, yomwe okonda kuwerengera amaigwira kwambiri.

Njira yeniyeni ili m'hadith. Imam Bukhari ndi Imam Muslim analandira kuchokera kwa Abu Hurayra kuti Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anati salani mukauona, masulani mukauona, ndipo ukabisika kwa inu kwaniritsani masiku 30. Mawu omveka bwino, osafuna sukulu. Kwa zaka mazanamazana Asilamu ambiri anayenda nawo chomwecho, ndipo ma madhhab anayi a Chisunni, omwe ndi masukulu a malamulo a Chisilamu, ankangosiyana pa za mboni. Kwa a Shafi'i ndi a Hanbali munthu mmodzi wolungama akwanira kuyambitsa Ramadhan, koma kuti anthu amasule pafunika awiri. A Maliki amafuna awiri konsekonse. A Hanafi anaika mfundo yomwe ine ndimaikonda: kumwamba kukakhala mitambo, mboni imodzi ikwanira kuyambitsa Ramadhan, koma kukakhala koyera pafunika khamu la anthu, chifukwa sizimveka kuti tauni yonse iyang'ane kumadzulo, thambo lili mbee, mwezi n'kuonekera munthu mmodzi yekha. Apa tikuona kuti kukayikira mboni pogwiritsa ntchito nzeru sikunayambe ndi makompyuta.

Koma hadith yomweyi inafikanso kudzera kwa Abdullah ibn Umar ndi mathero ena. M'malo moti kwaniritsani masiku 30, iyo ikuti ukabisika, "faqduru lahu", kutanthauza kuti uyerekezeni, kapena upimeni. Pa mawu awiri amenewa panatuluka njira zitatu. Maulama ochuluka anati hadith imamasulira hadith inzake, kotero kupimako ndi kukwaniritsa 30 komwe kwatchulidwa kwina kuja. Ambiri mwa a Hanbali akale anati liwulo likunena za kupanikiza: Sha'ban, mwezi wotsogolera Ramadhan, ipanikizidwe ikhale ya masiku 29, anthu asale mawa lake pochenjera, ndipo ankaloza kwa Ibn Umar mwiniwake yemwe kunja kukachita mitambo usiku umenewo ankadzuka ali pa swaumu. Gulu lachitatu, laling'ono, linati kupimako ndi kuwerengera mayendedwe a mwezi. Maganizo amenewa amatchulidwa pa Mutarrif ibn Abdullah wa ku Basra, wa m'badwo wotsatira maswahaba, komanso pa Ibn Surayj, katswiri wa madhhab a Shafi'i ku Baghdad yemwe anamwalira mu 918. Iye ankati lamulo la masiku 30 ndi la anthu wamba, pomwe la kupima ndi la amene Mulungu anawapatsa maphunziro a zakuthambo.

Choncho amene amati nkhani yowerengera inabwera ndi azungu kapena ndi achinyamata a ku yunivesite sakunena zoona. Ndi mkangano wa m'nyumba, wa zaka zoposa chikwi.

Hadith yomwe mbali zonse zimaikoka

Pali hadith ina ya Ibn Umar, nayonso ili mwa Bukhari ndi Muslim. Mtumiki anati ife ndife anthu osalemba ndi osawerengera, mwezi umakhala chonchi ndi chonchi. Ponena zimenezi anatambasula zala zonse khumi katatu, ulendo wachitatu n'kupinda chala chachikulu, kusonyeza 29, kenako anasonyezanso 30.

Kodi pamenepa Mtumiki ankalamula kapena ankafotokoza mmene anthu ake analili? Mkangano wonse wagona pa funso limeneli.

Ibn Taymiyya wa ku Damascus, yemwe anamwalira mu 1328, anaiona hadithyi ngati chitseko chotsekedwa. Kwa iye kusawerengeraku n'chizindikiro cha umma uwu, gulu lonse la Asilamu, kuti chipembedzo chake n'chopepuka, sichidalira akatswiri ochepa. Ananenanso kuti owerengerawo amasemphana okhaokha pa za nthawi yomwe mwezi ungaoneke, ndipo anati maulama akale anagwirizana kuti chiwerengero sichiyambitsa swaumu. Tizikumbukiranso kuti nthawi imeneyo maphunziro a nyenyezi ankayendera limodzi ndi kuombeza, ndipo munthu yemweyo wowerengera mwezi ndi amene mafumu ankamufunsa tsiku la mwayi lopitira kunkhondo. Maulama anali ndi chifukwa choopera. Maganizo a Ibn Taymiyya ndi amene Sheikh Ibn Baz, Mufti wamkulu wa Saudi Arabia yemwe anamwalira mu 1999, anaima nawo mpaka mapeto.

Mu 1939 Sheikh Ahmad Shakir wa ku Egypt analemba kabuku kakang'ono kotembenuza hadith yomweyi. Iyeyu sanali munthu wonyoza zakale ayi: anali qadhi, woweruza milandu ya Chisilamu, komanso mmodzi mwa akatswiri akuluakulu a hadith a m'zaka za m'ma 1900. Mfundo yake inali yotere. Mtumiki anatchula yekha chifukwa chomwe anthu ankadalira maso, chomwe ndi kusadziwa kulemba ndi kuwerengera. Ndipo m'maphunziro a fiqh, a malamulo a Chisilamu, muli lamulo lodziwika loti chigamulo chimayenda ndi chifukwa chake, chifukwacho chikachoka chigamulo chimasintha. Lero Asilamu amalemba, amawerengera, ndipo chiwerengero chawo n'chodalirika kuposa diso la munthu mmodzi. Nanga tikakamirirenji njira yomwe inaperekedwa chifukwa chosowa ina?

Sheikh Yusuf al-Qaradawi, yemwe anamwalira mu 2022, anaikulitsa mfundoyi posiyanitsa cholinga ndi njira. Cholinga sichisintha: kusala mwezi wonse wa Ramadhan, osaonjezera, osachepetsa. Njira yofikira cholingacho ikhoza kusintha. Ankapereka chitsanzo cha mswaki: Mtumiki analimbikitsa kutsuka mano ndi kamtengo, koma chomwe chikufunika ndi m'kamwa moyera, kotero wogwiritsa ntchito mswachi wa m'sitolo sanataye sunnah, chitsanzo cha Mtumiki.

Otsutsa amayankha kuti si zonse m'chipembedzo zomwe zili njira chabe. Zina timazichita chifukwa tinalamulidwa, ngakhale nzeru zathu zisaone chifukwa: marakaa atatu a Maghrib, kuzungulira Ka'ba kasanu ndi kawiri. Ndani wanena kuti kuyang'ana mwezi sikuli m'gulu limeneli? Ndipo tikayamba kunena kuti lamulo ili linali la anthu osaphunzira, mawa wina adzanena zomwezo pa lamulo lina, tidzaima pati? Mantha amenewa si opusa, ndipo aliyense amene amakonda chipembedzo chake amawamva.

Pali funso lomwe achinyamata amakonda kufunsa mashehe: m'mizikiti yathu yonse mwapachikidwa ndandanda ya nthawi za swala yowerengeredwa chaka chonse, palibe muadhini amene amatuluka kukayeza mthunzi asanaitane Dhuhr, nanga bwanji pa mwezi pokha mukukana chiwerengero? Funsoli linayankhidwa kale ndi al-Qarafi, katswiri wa madhhab a Maliki ku Cairo yemwe anamwalira mu 1285. Iye anati swala inamangiriridwa pa nthawi yeniyeniyo, monga kupendeka kwa dzuwa, choncho njira iliyonse yodziwira kuti dzuwa lapendeka ndi yololedwa. Koma swaumu inamangiriridwa pa kuona, osati pa kukhalapo kwa mwezi kuseri kwa mitambo. Umboni wake ndi hadith yomwe ija: kukachita mitambo timakwaniritsa 30, chikhalirecho mwezi ukhoza kukhala ulipo kumwambako. Yankho limeneli ndi lakuthwa, ndipo ine sindinaone owerengera ataligwetsa kotheratu. Chomwe amanena n'chakuti kukwaniritsa 30 nakonso kunali kupeputsira anthu omwe analibe njira ina yodziwira za kuseri kwa mitambo. Tabwereranso pa funso lija.

Zomwe zimachitika kumwambako

Apa anthu ambiri amasokoneza zinthu ziwiri. Kuwerengera nthawi yomwe mwezi ubadwe n'kosavuta, ndipo sikuphonya. Kadamsana uja ndi umboni woonekera aliyense. Kuchokera kubadwa kwina kufika kwina pamapita masiku pafupifupi 29 ndi theka, n'chifukwa chake miyezi imakhala ya 29 kapena 30. Koma pa nthawi yobadwayo mwezi suoneka, chifukwa mbali yake yowala yafulatira dziko ndipo uli pafupi kwambiri ndi dzuwa. Umayenera utalikirane nalo kaye, kuti dzuwa likalowa iwo utsale m'mwamba kwa kanthawi, thambo litayamba kuda. Katswiri wa ku France André Danjon anapeza m'zaka za m'ma 1930 kuti mwezi ukakhala pafupi ndi dzuwa kuposa madigiri pafupifupi 7, kachigawo kowala kaja sikaoneka n'komwe. Mwezi wamng'ono kwambiri womwe unaonedwa ndi diso lokha, mwa umboni wovomerezeka, unali wa maola 15 ndi theka, ndipo nthawi zambiri pamafunika ochuluka kuposa pamenepo.

Kuwerengera kuti mwezi uoneka kapena ayi ndiye kovutirapo, chifukwa kumadaliranso fumbi, chinyezi, kukwera kwa malo ndi maso a woyang'anayo. Akatswiri amatha kunena motsimikiza kuti kuno n'kosatheka, uko n'kosavuta, koma pakati pamakhala dera lokayikitsa. Pamenepa Ibn Taymiyya sananame.

Maso nawonso amanama. Munthu woona mtima, woswali, amene sanganamizire Mulungu, akhoza kuona kamtambo kowala, utsi wa ndege kapena nyenyezi ya Venus, mtima wofunitsitsa n'kumuuza kuti ndi mwezi. N'zimene zinachititsa Taqi al-Din al-Subki, qadhi wamkulu wa madhhab a Shafi'i ku Damascus yemwe anamwalira mu 1355, kugamula kuti chiwerengero chodalirika chikasonyeza kuti mwezi sungaoneke, qadhi akane umboni wa amene akuti auona. Chifukwa chake n'chakuti umboni wa munthu ndi chinthu chongoganiziridwa kuti n'choona, ndipo sungagonjetse chinthu chotsimikizika. Al-Subki sanati chiwerengero chiyambitse mwezi, anangoti chitchinge zolakwika. Imeneyi ndi njira yapakati yomwe maulama ambiri a masiku ano amaitsata.

Mwezi wa kuti?

Tiyerekeze kuti tagwirizana zoti tiziona ndi maso. Funso lina likutidikira: maso a anthu a kuti?

Imam Muslim analandira nkhani ya Kurayb, yemwe anatumidwa ndi Umm al-Fadl kwa Mu'awiya, yemwe ankalamulira ku Shaam, dera la Damascus. Ramadhan inampeza komweko, ndipo iye ndi anthu ena anaona mwezi usiku wa Lachisanu. Atabwerera ku Madinah kumapeto kwa mweziwo, Ibn Abbas anamufunsa kuti munauona liti. Atamuuza, Ibn Abbas anati ife tinauona usiku wa Loweruka, ndipo tipitiriza kusala mpaka tikwanitse 30 kapena tiuone. Kurayb anafunsa ngati kuona kwa Mu'awiya ndi kusala kwake sikukwanira. Ibn Abbas anati ayi, umu ndi mmene Mtumiki anatilamulira.

A Shafi'i anatenga nkhaniyi ngati umboni woti madera otalikirana aliyense amatsata thambo lake. A Hanafi, a Maliki ndi a Hanbali ambiri anati lamulo loti salani mukauona likulankhula kwa umma wonse, choncho ukaoneka pena paliponse, onse amene uthenga wawafika asale. Za Ibn Abbas anazimasulira kuti anali maganizo ake, kapena kuti sakanamasula anthu pa mawu a munthu mmodzi. Kale kusiyana kumeneku kunali kwa m'mabuku chabe, chifukwa wokwera ngamila kuchokera ku Damascus ankafika ku Madinah mwezi uli kumapeto. Lamya, wailesi ndi intaneti ndi zomwe zinakudzutsa. Lero chilengezo cha ku Riyadh chimafika pa WhatsApp ya munthu wa ku Machinga iye asanamalize n'komwe kufuturu.

Izi zimatikhudza mwachindunji. Asilamu ambiri a kuno, monga anzathu a ku Mozambique, Tanzania ndi Kenya, anakulira m'madhhab a Shafi'i, pomwe ambiri mwa amwenye ndi a Hanafi, ndipo pali mashehe omwe anaphunzira ku Madinah, ku Cairo, ku Sudan, ku South Africa, aliyense n'kubwera ndi zomwe anamwa kwa aphunzitsi ake. Malinga ndi kalembera wa 2018, Asilamu ndi pafupifupi 14 pa anthu 100 alionse m'Malawi, ndipo Eid al-Fitr ndi tsiku la tchuthi cha boma, kotero tsikuli likufunika kudziwika ngakhale ndi amene sapita kumzikiti.

Zakuthambo zimavomerezana ndi a Shafi'i pa mfundo imodzi: mwezi suonekera dziko lonse tsiku limodzi. Ukamapita kumadzulo dzuwa limachedwa kulowa, mwezi umakhala utakulirapo, ndipo kuuona kumaphweka. Nyengo zina umayamba kuonekera kumwera kwa dziko lapansi, nyengo zina kumpoto. Zimatheka ndithu kuti uoneke ku Cape Town, ku Makkah usanaoneke.

Mu 1986, bungwe la akatswiri a fiqh la mayiko a Chisilamu a OIC litakumana ku Amman, linagamula kuti mwezi ukaoneka dziko limodzi Asilamu onse atsate, ndi kuti maziko akhale kuona, chiwerengero ndi makina zikhale zothandizira. Chigamulocho chilipo, koma mayiko sanasiye kuyenda aliyense njira yake.

Turkey imadalira chiwerengero, ndipo mu May 2016 inaitanitsa msonkhano ku Istanbul womwe unavomereza kalendala imodzi ya dziko lonse: mwezi ukakhala kuti ukhoza kuoneka pena paliponse, utatalikirana ndi dzuwa madigiri 8 ndi kukwera madigiri 5, mawa lake ndi tsiku loyamba kwa onse. Bungwe la Fiqh Council of North America linasankha chiwerengero mu 2006, ndipo chimodzi mwa zifukwa chinali chakuti Msilamu wa ku America amafunika kupempha tchuthi kuntchito ndi kusungitsa holo yoswaliramo nthawi ikadalipo. Indonesia, Malaysia, Brunei ndi Singapore anagwirizana kuti umboni ulandiridwe pokhapokha mwezi utakwera madigiri 3 ndi kutalikirana ndi dzuwa madigiri 6.4, yomwe ndi mfundo ya al-Subki itavala manambala. Saudi Arabia ili ndi kalendala yowerengeredwa ya Umm al-Qura yoyendetsera ntchito za boma, koma pa Ramadhan, Eid ndi Hajj khoti lalikulu limapempha anthu kuyang'ana mwezi n'kulandira mboni. Odandaula amati anthu amatumizidwa kukayang'ana pa tsiku la 29 la kalendala yomwe siyendera kuoneka kwa mwezi, n'chifukwa chake kawirikawiri dzikolo limatsogola ndi tsiku limodzi. Ku Britain, mizikiti ya mumzinda umodzi ngati Leicester kapena Birmingham imatha kuswali Eid masiku osiyana, ina potsata Saudi Arabia, ina Morocco.

Ku Cape Town kuli mwambo womwe owerengera ayenera kuuganizira asanaunyoze. Madzulo a tsiku la 29 la Ramadhan mabanja amakhamukira kugombe la Three Anchor Bay, amayala mphasa pa kapinga, amafuturu limodzi, amaswali Maghrib panja, uku akuluakulu odziwika ndi dzina loti maankykers, oyang'ana mwezi, ali chiimire kuyang'ana pamwamba pa nyanja. Ana amaphunzira pomwepo kuti mwezi umafunidwa mbali iti ndiponso nthawi yanji. Kalendala yosindikizidwa singapereke zimenezi. Mbusa wa ng'ombe yemwe sanapite kusukulu akhoza kuona mwezi, umboni wake n'kusalitsa dziko lonse, mafumu ndi maprofesa omwe. Chipembedzo chomwe chimapereka ulemu wotere kwa munthu wamba chisafulumire kuutaya.

Pomwe ine ndaima

Sindikuona chifukwa chomveka chokanira mfundo ya al-Subki. Ngati mwezi walowa dzuwa lisanalowe, kapena sunabadwe n'komwe, amene akuti wauona walakwitsa, akhale wolungama chotani. Kulandira umboni wotero sikulemekeza sunnah, chifukwa Mtumiki anati mukauona mwezi, osati mukaona chinthu chofanana nawo. Komiti iliyonse yolandira mboni imayenera kukhala ndi munthu wodziwa zakuthambo, woti afunse mboniyo kuti unali mbali iti ya pomwe dzuwa lalowera, nsonga zake zinaloza kuti, unakhala mphindi zingati. Mafunso amenewa sachotsa ulemu wa munthu. Ndi ntchito yomwe qadhi amagwira pa mlandu wina uliwonse.

Pa zoti chiwerengero chilowe m'malo mwa maso kotheratu, mtima wanga sunakhazikike, ndipo ndikuona kuti mbali zonse zili ndi maulama oopa Mulungu ndi umboni wogwirika. Chomwe chimandipweteka ndi chipongwe chomwe chimatsagana ndi nkhaniyi: awa kutchula anzawo kuti ndi a bid'ah, obweretsa zachilendo m'chipembedzo, awo kubwezera kuti ndi otsalira. Ibn Abbas sananene kuti Mu'awiya ndi anthu a ku Shaam asochera. Anangoti ife tinauona Loweruka.

Ndipo pali hadith ina yomwe imaiwalika mkangano ukatentha. Imam Tirmidhi analandira kuti Mtumiki anati kusala ndi tsiku lomwe mukusala nonse, kumasula ndi tsiku lomwe mukumasula nonse, kuzinga ndi tsiku lomwe mukuzinga nonse. Tirmidhi mwiniwake anafotokoza kuti maulama ena anaimva kuti zinthu zimenezi zimachitika pamodzi ndi gulu. Ibn Taymiyya yemwe uja, wokana chiwerengero, anafika ponena kuti munthu akaona mwezi yekha koma umboni wake n'kukanidwa, asale ndi kumasula limodzi ndi anthu. Kutanthauza kuti funso lalikulu si loti walondola ndani pa zakuthambo, koma loti ndani ali ndi udindo wogamula m'malo mwa onse. M'mayiko momwe boma ndi la Chisilamu, qadhi kapena mufti akalengeza nthawi zambiri nkhani imatha. M'mayiko ngati athu, momwe Asilamu ndi ochepa ndipo mabungwe ndi angapo, udindowo umangokhalapo ngati atsogoleri agwirizana okha kuupereka kwa komiti imodzi, n'kulolera kutsata chigamulo chake ngakhale chaka chomwe sichinawakomere. Kugwirizana ndi dziko lakutali kudzera pa foni, uku ukusemphana ndi mnansi amene mumaswali naye mzere umodzi, ine sindikuona kuti ndi umodzi umene hadith ija ikunena.

Zaka zikubwerazi nkhaniyi itivuta kwambiri kuno. Ramadhan ya zaka za 2026 mpaka 2029 ikuyamba m'miyezi ya February ndi January, ndipo mu 2030 idzayamba kawiri, mu January ndi mu December. Imeneyi ndi nyengo ya dzinja, pomwe kumadzulo kumatha kukhala mitambo sabata yathunthu. Tikadalira maso a m'dziko muno mokha, tidzakwaniritsa 30 mobwerezabwereza mwezi uli kumwamba. Mashehe athu adzafunika kunena momveka, nthawi isanakwane, kuti umboni wa mayiko ati oyandikana nafe udzalandiridwa, pa mfundo ziti, kuti anthu asamadzagone osadziwa ngati adzuke kudya daku kapena ayi.

Eid ya nsembe ili ndi mfundo yakeyake. Mahaji amaima pa Arafah tsiku la 9 la Dhul Hijjah, mwezi wa Hajj, malinga ndi chilengezo cha Saudi Arabia, ndipo masiku ano aliyense amawaonera pa kanema. Mu 2024 Saudi Arabia inachita Eid pa 16 June, pomwe Morocco, Pakistan ndi Indonesia anachita pa 17. Ambiri amaona kuti n'zosamveka kusala swaumu ya Arafah mahaji atachokapo kale pamalopo, ndipo ena omwe pa Ramadhan amatsata mwezi wa kwawo, pa Eid iyi amatsata Makkah. Ena amati swaumuyo ndi ya tsiku la 9 la mwezi, ndipo kwa zaka zoposa chikwi Asilamu a kutali ankaisala osadziwa tsiku lomwe mahaji aima. Sheikh Ibn Uthaymin, mmodzi mwa maulama akuluakulu a Saudi Arabia yemwe anamwalira mu 2001, atafunsidwa za anthu okhala m'mayiko omwe mwezi waoneka tsiku losiyana ndi la ku Makkah, anayankha kuti atsate kuoneka kwa mwezi m'dziko lomwe akukhala, ngakhale pa swaumu ya Arafah.